Dimba la kuseri kwa nyumba: ine, alamu anga ndi akuba a usiku

2 Julayi: mpikisano ndi kuyeza malo

Nkhaniyi inayambira pa mbale ya tomato. Alamu anga, amuna a mlongo wanga, anabwera kudzacheza kuchokera ku mzinda womwe amakhala, ndipo atalawa anati kwathu kuno dzuwa ndi lofooka, n'chifukwa chake chilichonse chimapsa mwaulesi. Mizinda yathu iwiriyi ndi yopikisana kuyambira kale, pa mpira, pa misewu, ngakhale pa nkhani yakuti mvula yabwino imagwa kwa ndani. Wawo uli m'chigwa ndipo ndi wotentha. Wathu uli pamtunda, usiku kumazizira. Ine ndinati, "Alamu, pakamwa tatha, tsopano tiyeni tilime tione."

Tagwirizana zinthu zitatu. Mbewu ya tomato ikhale ya paketi imodzi, tagawana pakati. Aliyense akhale ndi mitengo 12 yokha. Tiona amene adzayambe kuthyola tomato wofiira, kenaka pa 30 Novembala tidzaphatikiza makilogalamu onse amene aliyense wakolola.

Lero ndayeza kuseri kwa nyumba ndi chingwe. Pakwana mabedi atatu, lililonse mamita 4 mulitali ndi mita 1.2 mulifupi, kuti dzanja lizifika pakati popanda kuponda dothi. Tinjira ta pakati ndi masentimita 50. Kuzungulira malo onse ndi mamita pafupifupi 21. Bedi loyamba ndi la tomato, lachiwiri ndiligawa pakati, kabichi ndi nyemba za zitheba, lachitatu ndi la karoti.

Ndalama zimene ndapatula ndazigawa magawo khumi ofanana, ndipo ndizilemba ndi magawowo kuti muziona chimene chadya zambiri. Mbewu, manyowa matumba anayi ndi keni yothirira ya malita 10 zatenga magawo awiri. Khasu ndi fosholo ndinali nazo kale. Za mpanda sindinaikepo kalikonse.

8 Julayi: kugaula ndi nazale

Masiku atatu ndakhala ndikugaula. Pansi pa udzu panali zidutswa za njerwa ndi simenti zomwe omanga nyumba anakwirira, ndatulutsa mawilibala asanu. Amene nyumba yake ndi yomangidwa chaposachedwa ayambe wakumba dzenje limodzi kuti aone zimene zili pansi asanawerengere masiku.

Manyowa ndathira m'mabedi onse mofanana. Matumba awiri anali owolerana bwino, akuda, osanunkha. Awiri enawo anali aawisi ndithu, akadali ofunda m'kati. Ndinasakaniza onse n'kuthira, ngakhale m'bedi la karoti.

Tomato ndi kabichi ndafesa pa nazale, m'beseni lakale lomwe ndaboola pansi. Karoti ndafesa pa bedi lake chifukwa safuna kuwokeredwa.

24 Julayi: karoti sanamere

Tomato anamera patatha masiku 8, kabichi asanakwane masiku 6. Karoti ayi. Mbewu yake imatenga sabata imodzi mpaka zitatu, koma masiku 16 apita ndipo pangotuluka timasamba towerengeka. Nditakanda ndi chala ndapeza pamwamba pa dothi pauma n'kupanga chikhakha cholimba, timbewu tina tinamera n'kufera pansi pake. Ndimathira madzi ambiri kamodzi, dzuwa n'kuumitsa pamwamba.

Ndafesanso. Ulendo uno ndakwirira ndi mchenga wosefa wosakaniza ndi dothi, mosapitirira sentimita imodzi, kenaka ndaphimba ndi ziguduli zonyowa. Ndiziyang'ana pansi pake m'mawa uliwonse, zikangoyamba kumera ndichotsa. Mbewu inali yotsala, ndiye ndalama sizinatuluke, koma masiku 16 atayika.

Alamu atumiza chithunzi cha nazale yawo. Mbande zawo zatalika kuposa zanga, masamba anayi pomwe zanga zili ndi awiri. Alemba kuti, "Dzuwa la kwathu silichedwa, alamu."

12 Ogasiti: kuwokera

Mbande zatha masabata asanu. Ndawokera madzulo, mizere iwiri, mitengo 6 mzere uliwonse, masentimita 60 pakati pa mtengo ndi unzake. Tomato ndamukwirira mozama mpaka pafupi ndi masamba oyamba, chifukwa tsinde lake limatulutsa mizu ina likakhala m'dothi. Kabichi 8 walowa theka la bedi lachiwiri, theka linalo ndadzala nyemba. Mbande 7 za tomato zatsala m'beseni, sindinazitaye. Karoti wachiwiri uja wamera bwino pansi pa ziguduli.

15 Ogasiti: mbande zitatu zagwa

M'mawa ndapeza mbande zitatu za tomato zili gone pansi, zodulidwa. Zinandiwawa kwambiri. Dzulo lake madzulo mwana wanga anaona kalulu m'tchire la kuseri kwa mpanda wa maluwa, ndiye mtima wanga unangoti wakuba ndi ameneyo. Sindinagwade kuti ndionetsetse pomwe tsinde ladukira, sindinayang'ane mapazi, sindinafunse munthu.

Tsiku lomwelo ndagula waya wa nkhuku mamita 25, wotalika masentimita 90, wa mabowo a masentimita 5 chifukwa ndi umene unali wotsika mtengo. Ndagulanso mizati 12, misomali ndi mahinjesi awiri a geti. Magawo atatu apita, onse pamodzi akwana asanu. Ine ndi mwana wanga tagwira masiku awiri kuzika mizati ndi kukoka waya. M'malo mwa mbande zakufa ndaika zitatu za m'beseni.

19 Ogasiti: wakuba anali m'kati mwa mpanda

Mpanda wayima, geti likutsekeka, koma lero m'mawa mbande zina ziwiri zagwa, tomato mmodzi ndi kabichi mmodzi. Ndinayenda kuzungulira waya kufuna bowo, osalipeza.

Mayi achikulire omwe tayandikana nawo anandiona ndili chilili ndipo analowa kudzaona. Ananyamula mbande yakufayo n'kundifunsa kuti, "Bambo, kalulu angadule ndiwo n'kuisiya yonse pomwepo osadya?" Funso limeneli ndinayenera kudzifunsa ndekha masiku anayi apitawo. Masamba onse anali athunthu. Tsinde linali lodukira pa dothi penipeni, lotafunidwa mozungulira.

Anatenga kamtengo n'kufukula mozungulira chitsa, masentimita awiri kapena atatu kuya kwake. Munatuluka mbozi yotuwa, yonenepa, yomwe itangokhudzidwa inadzipinda ngati mphete. Pa chitsa chachiwiri tinapezanso ina. Mbozi zimenezi ndi ana a agulugufe a usiku. Masana zimabisala m'dothi, usiku zimatuluka n'kudula tsinde lanthete. Zimachuluka pamalo pomwe panali udzu posachedwa, ndipo dimba langa lonse linali kapinga mwezi watha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mayiwa anali pafupi nane nthawi yonseyi.

Chokonzera chake sichinadye ndalama. Ndatola mabotolo apulasitiki, ndadula kumutu ndi kumatako kuti akhale ngati mkombero wa masentimita 10, ndaveka mbande iliyonse n'kukanikiza masentimita atatu m'dothi. Musanaveke fukulani kaye m'katimo, kuopa kutsekera mbozi pamodzi ndi mbande. Usiku ndayenda ndi tochi n'kutola zina zisanu ndi imodzi. Mabotolowa adzachoka tsinde likadzakhwima ngati pensulo.

Alamu atamva anaseka kwambiri pa foni, kenaka anati nawonso ataya mbande ziwiri mwanjira yomweyo ndipo amaganizira nkhuku za oyandikana nawo. Ndawatumizira chithunzi cha botolo. Mnzako akapsa ndevu umamuzimira, ngakhale muli pa mpikisano.

30 Ogasiti: tsopano kalulu weniweni

Kuchokera tsiku la mabotolo palibe mbande yomwe yadulidwanso pansi. Koma lero mzere wonse wa nyemba wametedwa. Ulendo uno ndinagwada. Kadulidwe kake n'kosiyana kotheratu: masamba palibe, adyedwa, ndipo timatsinde totsala tadulidwa mopendekera, mosalala ngati ndi mpeni wakuthwa. Umu ndi mmene mano akutsogolo a kalulu amadulira. M'kanjira munali timibulu ta ndowe tozungulira, touma.

Funso linali lakuti walowera pati. Ndinakumbukira phunziro la mbozi ndipo sindinagule kanthu. Madzulo ndinasefa mchenga n'kuuwaza mopyapyala kuzungulira mpanda, kunja ndi m'kati, ndikusalaza ndi thabwa. M'mawa mchenga unandiuza zonse. Mapazi a kalulu savuta kuwazindikira: akumbuyo ndi aatali ndipo amagwera kutsogolo kwa akutsogolo, pomwe akutsogolowo amatsogozana, limodzi patsogolo pa linzake. Panali mapazi a mitundu iwiri. Aakulu anafika pa ngodya ya kumadzulo pomwe waya sunagunde pansi bwino, ndipo panali pokumbidwa. Ang'onoang'ono anafika pa waya n'kupitirira mbali inayo ngati panalibe chotchinga. Kamwana ka kalulu kamadutsa bwinobwino pa bowo la masentimita 5.

Ndiye waya wanga unali ndi zolakwika ziwiri, mabowo aakulu komanso wosakwiriridwa.

3 Sepitembala: waya wachiwiri

Ndagula waya wa mabowo a masentimita 2.5, mamita 25, wotalika masentimita 90. Wadya magawo atatu, tsopano ndili pa asanu ndi atatu. Woyamba uja sindinauchotse, watsopanoyu ndaumangirira pamwamba pake ndi tiwaya ting'onoting'ono.

Kaikidwe kake ndi aka. Masentimita 60 ali chilili pamwamba pa nthaka. Masentimita 30 otsalawo ndawapinda kuti agone pansi kuloza kunja kwa dimba, n'kuwakwirira ndi dothi la masentimita ochepa. Kalulu amakumba pamene mpanda wagundana ndi nthaka, ndiye akangoyamba amakumana ndi waya pansi pa mapazi ake. Njira imeneyi yandipeputsira ntchito, chifukwa kukumba ngalande yakuya m'dothi la zidutswa za njerwa kukanatenga sabata. Yatenga tsiku limodzi ndi theka.

Pa geti ndi pomwe panavuta. Pansi pake panali mpata wolowa dzanja. Ndayala njerwa zinayi zogona ngati chiundo cha khomo, geti likumatsekera pa izo.

Ndikanayamba ndi waya umenewu, magawo awiri mwa atatu a tsiku lija akanatsala m'thumba, chifukwa mizati ndi mahinjesi zokha ndi zomwe zinali zofunikadi. Amene akumanga mpanda wa akalulu asayang'ane kutalika kokha, ayang'ane bowo. Nyemba ndadzalanso.

Akaluluwo sindikuwada. Tchire lomwe ankadyamo likutha chaka ndi chaka chifukwa cha nyumba zatsopano, ndipo nyengo youma ino chobiriwira chomwe chilipo ndi dimba langa. Masamba akunja a kabichi ndimawaponya kutali ndi mpanda, cha kutchire.

14 Sepitembala: kuphimbira kwabweretsa nkhono

Sabata yatha ndinaphimbira mabedi ndi udzu wouma kuti chinyezi chizikhalitsa. Madzi akukhaladi, koma kabichi wayamba kubooka mabowo osalongosoka pakati pa tsamba, ndipo m'mawa pamaoneka timizere tonyezimira. Zimenezo ndi nkhono. Udzu wonyowa ndi nyumba yabwino kwa izo, ndipo ine ndimathirira madzulo, nthawi yomwe zimatuluka.

Ndasintha zinthu zitatu. Ndikuthirira m'mawa kuti pofika usiku pamwamba pakhale pouma. Udzu ndaukankhira kutali ndi tsinde, mpata wa chikhatho. M'tinjira ndagoneka matabwa awiri akale, m'mawa ndikawatembenuza ndimapeza nkhono zitasonkhana pansi pake. Usiku woyamba ndi tochi ndinatola 31, wachitatu 9. Mwana wanga wazolowera kudikira nkhono itulutse tinyanga take asanaiponye m'chitini, ndipo mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha tsopano akuudziwa ndi maso ake.

Mabowo ena sanali a nkhono. Kunsi kwa masamba kunali timbozi tobiriwira tomwe timadya mnofu wa tsamba n'kusiya kachikopa koonekera. Ndagula mankhwala a Bacillus thuringiensis, amene pa paketi amangolemba Bt. Amapha mbozi ikadya tsamba lopoperedwa, ndipo njuchi ndi mbalame sawavulaza. Ndimapopera madzulo chifukwa dzuwa limawafooketsa, ndipo ndimayamba kunsi kwa tsamba. Mankhwalawa atenga theka la gawo. Zichiri 12 ndi chingwe chomangira tomato zatenga theka lina. Ndili pa magawo asanu ndi anayi.

28 Sepitembala: tomato wakuda kumatako

Tomato wabereka ndipo mitengo yafika m'chiuno. Sabata iliyonse ndimathothola mphukira zotuluka pakati pa tsinde ndi nthambi. Koma zipatso zisanu zoyambirira zada kunsi, pamene panali duwa, n'kuphwa ngati chikopa chouma. Poyamba ndinaganiza kuti china chake chikuluma, koma panalibe bala la mano.

Vuto ndi kathiriridwe kanga. Kudaku kumabwera chipatso chikasowa calcium, mmodzi mwa michere ya m'dothi, pamene chikukula, ndipo nthawi zambiri m'dothi amakhalamo, kungoti amayenda ndi madzi. Dothi likauma lero, mawa n'kunyowa kwambiri, mkuja n'kuumanso, safika kunsonga kwa chipatso. Ine ndinachokapo masiku anayi ndipo pobwera ndinathira madzi ochuluka nthawi imodzi.

Ndakhala pansi n'kuwerengera. Ndiwo zamasamba zimafuna madzi pafupifupi mamilimita 25 pa sabata, omwe ndi malita 25 pa sikweya mita imodzi. Bedi langa ndi masikweya mita 4.8, ndiye malita 120, makeni 12 pa sabata. Kutentha kwayamba ndipo tomato ali ndi zipatso, choncho ndakweza kufika makeni atatu tsiku lililonse, ndikuthira pansi osati pa masamba. Zipatso zakudazo ndathyola n'kutaya chifukwa sizichira.

8 Okutobala: alamu atsogola

Chithunzi chafika m'mawa: tomato wofiira ali pa chikhatho cha alamu, kumbuyo kukuoneka denga la nyumba yawo kuti ndisakayike. Anaimba foni pomwepo. "Alamu, uzani anthu a mzinda wanu kuti dzuwa likufunika kubwereka, tikubwerekani." Ndawayamikira ndi mtima wonse, chifukwa apambana mwachilungamo. Mbewu ndi imodzi, tsiku lofesa ndi limodzi, koma usiku wofunda wa kwawo umakulitsa tomato msanga. Wanga ndi wamkulu koma akadali wobiriwira.

Nkhaniyi yafalikira. Anzawo a alamu a kuntchito akuti akufunsa za mpikisano, ndipo kuno mayi aja a mbozi amafika pa mpanda kawiri pa sabata kudzaona ngati mzinda wathu ukuchita manyazi kapena ayi.

13 Okutobala: wakuba wochokera kumwamba

Tomato atatu akuluakulu, omwe anali atangoyamba kuyezuka, ndawapeza olumidwa. Mmodzi anali pansi, wina pamwamba pa mzati wa mpanda, wolumidwa mbali imodzi n'kusiyidwa. Kalulu sakwera mzati. Ndawazanso mchenga. Mapazi ake akufanana ndi a kalulu pa kalumphidwe, koma ndi aang'ono, zala zikuoneka, ndipo akutsogolo agona moyandikana, osatsogozana. Gologolo. Tsiku lotsatira ndinamuona ndi maso, akutsika pa nthambi ya mtengo wa oyandikana nawo yomwe yadutsa pamwamba pa mpanda wanga.

Mabala ena anali ang'onoang'ono, akuya, ngati obaya ndi msomali. Amenewo ndi a mbalame.

Ndinayamba ndi zotsika mtengo. Ndinapachika zidutswa za pepala lonyezimira ndi ma CD akale pa chingwe. Masiku atatu mbalame zinaopa, lachinayi zinali zitatera pa chingwe chomwecho. Ndinasinja tsabola wowawa ndi adyo, n'kuviika m'madzi usiku wonse, n'kusefa n'kupopera. Gologolo anasiya masiku awiri, koma fungo likatha amabwerera, ndipo kupopera tsiku lililonse sindingakwanitse. Kwa mbalame tsabola ndi wopanda ntchito. Chomwe chimawawa mu tsabola ndi capsaicin, ndipo nyama zoyamwitsa ndi zomwe zimamva kuwawa kwake, mbalame sizimva.

17 Okutobala: neti, ndi chomwe chinandimvetsa chisoni

Ndagula neti ya mbalame ndi mapaipi anayi apulasitiki opindika, gawo limodzi ndi theka. Bajeti yadutsidwa, ndili pa khumi ndi theka. Mapaipi ndawapinda ngati uta pamwamba pa bedi la tomato, neti pamwamba pake.

Tsiku loyamba ndinaisiya yolendewera m'mbali, yotsalayo itaunjikana pansi. M'mawa mwake ndinapeza kambalame katakodwa mwendo ndi phiko, kakupuma mwabefu. Ndinakafunditsa kansalu n'kudula ulusi ndi lumo, ndipo kanauluka, koma sindikudziwa kanavutika maola angati usikuwo. Sindinamange dimba kuti likhale msampha. Neti yolendewera ndi yomwe imakola. Ndaikoka kuti ikhale yolimba ngati chikopa cha ng'oma, yotsala ndadula, m'munsi ndapanikiza ndi matabwa. Chonde amene muike neti, muikoke tsiku lomwelo, ndipo muziyendera m'mawa ndi madzulo.

Neti ndaika pa tomato pokha. Duwa la tomato limadzipatsa lokha mungu likagwedezeka, ndiye m'mawa ndimagwedeza zichiri pang'ono. Pa maungu kapena nkhaka njira imeneyi singagwire, chifukwa zimadalira njuchi.

20 Okutobala: gologolo waboola neti

Mbalame zasiya. Gologolo watafuna neti n'kuboola bowo lolowa chibakera. Ulusi wapulasitiki si kanthu kwa mano ake.

Apa ndinaima kaye n'kuganiza, chifukwa khola lonse la waya wa mabowo aang'ono likanadya magawo ena atatu. Ndasankha njira zitatu zing'onozing'ono. Ndinapita kukapempha oyandikana nawo kuti tidule nthambi ija, anavomera, ndipo tinadula limodzi. Mamita anayi a waya wachiwiri omwe anatsala ndawayala pamwamba pa mapaipi mbali yomwe amatsikira. Ndipo ndaika mbale ya madzi pansi pa mtengo, kutali ndi dimba, chifukwa kaluma kamodzi n'kusiya kaja kanandipangitsa kuganiza kuti akufuna madzi a m'chipatso kuposa chipatsocho. Mbaleyo ndimaitsuka n'kusintha madzi tsiku lililonse kuopa udzudzu. Ndamuona akumwa, iye ndi mbalame zomwe.

Chachinayi ndi chomwe chathandiza koposa, ndipo anandiuza ndi mlongo wanga: kuthyola tomato akangoyamba kusintha mtundu kunsi. Akafika pamenepo amapsa yekha m'nyumba, chifukwa amatulutsa mpweya wa ethylene womwe umamupsetsa. Ndimamuika m'katoni pamthunzi, osati m'filiji. Wakuba amafuna wofiira, ndiye akabwera amapeza wobiriwira yekha.

22 Okutobala: tomato woyamba

Wafiira pa tebulo, magalamu 140. Masiku 14 pambuyo pa alamu. Ndinawafunsa kaye ngati wopsera m'nyumba akuwerengedwa, anati inde, chifukwa nawonso ayamba kuchita chimodzimodzi, makoswe akuwavutitsa. Tinamudula panayi, ine, mayi a kunyumba, mwana ndi mayi aja a mbozi.

Zitheba zachiwiri zayambanso kuthyoledwa, masiku pafupifupi 50 chidzalireni.

29 Okutobala: karoti

Ndazula karoti. Pafupifupi theka ndi wa mphanda, wina miyendo itatu, wina waubweya. Manyowa aawisi aja a pa 8 Julayi ndi timiyala totsala m'dothi ndi zomwe zachititsa. Muzu wa karoti ukagunda chinthu cholimba kapena nsonga yake ikawonongeka umagawikana. Kukoma ali bwino, koma kusenda n'kovuta. Bedi limeneli ulendo wina ndidzasefa dothi kuya kwa masentimita 30 ndipo sindidzathiramo manyowa atsopano. Kabichi 7 wakulunga bwino.

10 Novembala: kutentha kwa alamu, mvula ya kuno

Alamu aimba modandaula. Maluwa a tomato wawo akuuma n'kuyoyoka osabereka. Kwawo kwatentha mopitirira, ndipo tomato amavutika kugwira zipatso masana akamapitirira madigiri 32 uku usiku nawonso osazizira, chifukwa mungu umawonongeka. Dzuwa lomwe linawatsogoza lija ndi lomwe likuwabweza. Tagwirizana kuti ayike mthunzi wa ziguduli mbali ya dzuwa la masana, ndipo aphimbire pansi mokwanira. Kuno maluwa akugwirabe, ndipo sikelo yanga yayamba kuthamanga.

Koma nanenso ndalandira changa. Mvula yamphamvu inagwa usiku umodzi pambuyo pa masiku otentha, ndipo tomato 11 wang'ambika kuyambira pa phesi. Chipatso chimamwa madzi msanga kuposa mmene khungu lingatambasukire. Wong'ambika tinadya tsiku lomwelo. Tsopano mitambo ikachita mdima ndimathamanga kukathyola aliyense woyezuka. Masamba am'munsi omwe akukhudza dothi ndachotsanso, chifukwa ena ayamba mawanga a bulauni.

30 Novembala: sikelo

Tinaimbirana pa vidiyo, aliyense kope lake m'manja. Alamu ali ndi makilogalamu 19.2. Ine 17.6.

M'kope langa ndinalembanso zotayika: tomato 23 wa gologolo ndi mbalame, 5 wakuda kumatako. Ndinawauza kuti 23 amenewo pa magalamu 120 aliyense ndi makilogalamu oposa awiri ndi theka, okwanira kuwadutsa. Alamu anakana mwamphamvu. "Gologoloyo ndi nzika ya mzinda wanu, alamu. Zimene wadya mukambirane nokha kumeneko." Mlongo wanga, yemwe anabadwira kuno koma amakhala uko, anagamula kuti chowerengedwa ndi chomwe chafika pa sikelo. Ndavomera. Mzinda wawo watenga zonse ziwiri chaka chino.

Ndalama zonse zakwana magawo khumi ndi theka. Asanu ndi awiri ndi theka apita ku mpanda ndi neti, ndipo awiri mwa amenewo ndi a waya wolakwika uja. Mabotolo, mchenga, matabwa a nkhono ndi mbale ya madzi sizinadye kanthu. Mpanda ndi mapaipi zigwiranso ntchito chaka chamawa, neti yokha ndi yofunika kusoka.

Mitengo 9 mwa 12 ikubalabe, pomwe ya alamu yatsala 4, ndiye ndapempha kuti ulendo wina tsiku lotseka likhale kumapeto kwa Disembala. Iwo akuti avomera ngati tingawonjezere kabichi, yemwe kwawo sakulunga bwino, koma akufuna kuyesa ndi mthunzi. Tomato sadzabwereranso pa bedi loyamba, asamukira pa lachiwiri kuti matenda a m'dothi asamupeze pomwepo.

Madzulo ano ndapeza njerwa imodzi ya pansi pa geti yasuntha ndi mvula, ndipo pa mchenga pali mapazi aatali awiri. Mawa m'mawa ndiyamba ndi pamenepo, ndi simenti yotsala theka la ndowa.